A Burashi ndi Kambalame Kosapezeka pa Mapu

Munthu aliyense ali ndi kake kamene kanamulowa m'mutu, koma ka a Burashi kanali ndi mapiko. Anali olemba zikwangwani mumsewu mwathu kwa zaka makumi atatu, ndipo pa zaka zonsezo sanatulutsepo chikwangwani ngakhale chimodzi chopanda kambalame. Muwapatse ntchito ya mawu atatu okha, oti "Pano Tikugulitsa Makala", pobwera kudzatenga mupeza mawuwo alipodi, koma pamwamba pa chilembo chomaliza patera kambalame, kakukuyang'anani ndi diso limodzi. Dzina lawo lenileni ndi ochepa ankalidziwa, chifukwa eni akewo sankalilemba paliponse. Kambalameko ndiye kanali siginecha yawo.

Ndiye musaganize kuti kanali kambalame wamba kojambula mothamanga. Ayi ndithu! Kankatuluka chimodzimodzi nthawi zonse: kakang'ono ngati timba, msana wotuwa, pakhosi poyera mbee, pamimba pachikasu, ndipo pachifuwa mzere wakuda bii wodutsa uku ndi uku ngati kavala mkanda. N'chifukwa chake ankakatchula kuti Kamkanda. Mchira unali wautali, wodzutsa m'mwamba, ndipo diso linali loyera, lokhala ngati lakukayikirani. Zilembo ankazimaliza dzuwa lisanatenthe, koma chikasu cha pamimba chokhacho ankatha kuchisakaniza mpaka madzulo, akuthira kadontho ka penti yoyera, kutakasa, kupaka pachikhatho, kupukusa mutu n'kuyambiranso.

"Chikasu cha m'sitolochi n'chopaka mabasi," ankatero, lilime lili panja. "Kamkanda si basi."

Wabutchala anawaitana kuti amujambulire ng'ombe yonenepa pakhoma. A Burashi anagwira ntchitoyo masiku anayi. Theka la tsiku loyamba linapita ku ng'ombe, masiku otsalawo ku kambalame kamene anakakhazika panyanga. Atachotsa makwerero, wabutchala anaima pakati pa msewu manja ali m'chiuno.

"A Burashi, ng'ombe yanga ili kuti?"

"Si iyo mukuiyang'anayo?"

"Ameneyu ndi galu! Galu wodwala! Mukufuna anthu aziti ndimagulitsa chiyani muno?"

"Aaa bambo, ndani adzataye nthawi kuyang'ana ng'ombe? Taonani kachifuwa ako!"

Chokwiyitsa n'chakuti ankanena zoona. Anthu ankaima kudzaona kambalameko, ndipo poti afika kale pakhomo, ankalowa.

Kwa wometa anajambula mitu isanu ndi umodzi, uliwonse ndi kametedwe kake ndi nambala yake. Pamutu wachinayi panatera Kamkanda. Mpaka lero anthu akakhala pampando amati, "Mundimete nambala folo, koma yopanda mbalame."

Amene anavutika kwambiri ndi abusa. Iwo anapempha nkhunda yoyera pachikwangwani cha tchalitchi, ndipo anabwereza kawiri konse kuti nkhunda. Chimene anapeza mwachidziwa kale.

"Ndinati nkhunda, a Burashi."

"Abusa, nkhunda aliyense ali nayo. Tchalitchi cha kuseri kwa msika chili nayo, cha pafupi ndi siteshoni chili nayo. Mukufuna nkhosa zanu zizisochera?"

Abusa sanaseke. A Burashi anakwera makwerero akung'ung'udza, n'kupaka penti yoyera pamwamba pa kambalame konse mpaka kanasanduka nkhunda yowonda. Koma penti yoyerayo anaisungunula ndi palafini wambiri, kaya mwangozi kaya mwadala, ndipo mvula yoyamba itangogwa mzere wakuda uja unatulukiranso. Kuyambira pamenepo tchalitchicho chinali ndi nkhunda yovala mkanda, ndipo abusa anangozisiya m'manja mwa Mulungu.

Zonsezi zikanakhala nthabwala chabe pakanapanda mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene tonse tinkangowaitana kuti Aphunzitsi ngakhale anali atapuma ntchito kalekale. Aphunzitsi anaphunzitsa za mapu ndi mayiko theka la anthu a mumsewu mwathu. Wometa anadutsa m'manja mwawo, wabutchala chimodzimodzi, telala nayenso. Munthu ameneyu akati mtsinje wakutiwakuti umalowera kumpoto, ngakhale mtsinjewo unkachita manyazi kulowera kwina.

Tsiku lina anafika ku shedi ya a Burashi atakolekera pakhwapa buku lalikulu la mbalame, lokutidwa ndi pulasitiki.

"Alamu, mbalame yanu ndaipeza."

A Burashi anataya burashi pansi. Atayang'ana tsambalo anakuwa mpaka akazi awo anatuluka m'nyumba akuthamanga, poganiza kuti munthu wadzicheka. Kanali komweko! Msana wotuwa, mkanda wakuda, diso loyera, zonse. Anavina kuzungulira benchi, anakumbatira mlamu wawo n'kuwasiyira zala zisanu zobiriwira pamsana pa malaya.

"Dikirani kaye," anatero Aphunzitsi, akukonza magalasi. "Taonani kamapu ka m'munsika. Pamene apaka mtundupa ndi pamene mbalameyi imakhala. Ndi m'nkhalango za kumapiri, ulendo wa masiku awiri pa basi. Ife tili apa."

"Poyerapo?"

"Poyerapo. Ndipo poyera ndiye kuti kulibe."

"Kulibe chiyani?"

"Mbalame."

"Nanga chimene ndimachiona ine m'mawa uliwonse kuseri kwa shedi yanga n'chiyani?"

"Penti yakulowani m'mutu, alamu. Mwina munaona chithunzi pa kalendala muli mwana."

"Wolemba bukuyu anafikapo kuseri kwa shedi yanga?"

"Ndi anthu ophunzira amenewa."

"Chabwino. Nanga mbalameyo inaphunzira? Imawerenga mapu?"

Umo ndi mmene nkhondo inayambira. Tsiku lililonse folo koloko ikakwana, Aphunzitsi ankatulukira pakona buku lili pakhwapa, n'kukhala pabenchi ya pakhomo pa shedi. Mlongo wawo ankaika tiyi pakati pa awiriwo n'kuthawa. A Burashi ankaimba mluzu kutsanzira kulira kwa Kamkanda, tiliti-tiliti-tiliti, akupendeketsa mutu ndi kugwedeza kumbuyo ngati ali ndi mchira. Aphunzitsi ankamenya kamapu ndi chala mpaka pepala linada pamenepo. Mawu ankamveka mpaka kwa telala. Tiyi akatha ankatsanzikana bwinobwino, wina n'kuti, "Mawa mubwere ndi nzeru," winayo n'kuti, "Inunso mugone kutali ndi zitini."

Vuto linali loti msewu unasankha mbali. Mungatsutsane bwanji ndi munthu amene anakukwapulani chifukwa choiwala dzina la nyanja? Anthu ankawakonda a Burashi, koma ankakhulupirira Aphunzitsi. Posakhalitsa dzina la kambalame kaja linasanduka dzina la bodza. Mwamuna akafika mochedwa kunyumba n'kuyamba kufotokoza, mkazi ankangoti, "Za kamkanda izo." Makaniko akati galimoto itheka mawa, mwini wake ankati, "Usandiuze za kamkanda." Akazi a a Burashi anazimva okha pampopi, kuchokera kwa mayi amene sankadziwa n'komwe kuti akulankhula ndi ndani, ndipo anabwera kunyumba ndowa ili theka. A Burashi anaseka nazo. Koma madzulo amenewo anakhala nthawi yaitali akutsuka maburashi amene anali otsuka kale.

Munthu amene sananamizepo aliyense, ngakhale pa tsiku lomaliza ntchito, anasanduka chitsanzo cha wabodza. Zinawapweteka, ndipo zitafika pakhosi anaitana msewu wonse.

"Loweruka m'mamawa, kuseri kwa shedi! Bwerani ndi maso anu. Amene alibe abwereke!"

Kunabwera anthu oposa makumi atatu. Kuseriko kunali ngalande youma, ndipo tsidya lake kunali zitsamba zowirira pansi pa mtengo waukulu. A Burashi anaimika anthu m'mizere ngati kwaya, n'kulamula kuti pasapezeke wotsokomola. Koma anthu makumi atatu angakhale chete? Wabutchala anali ndi chimfine, ndipo kuyetsemula kwake kunkagwedeza malata. Foni ya telala inalira nyimbo yonse mpaka kumapeto chifukwa mwini wake sankaipeza m'matumba. Abusa anafunsa ngati sikungakhale bwino kuyamba ndi pemphero. Aphunzitsi anaima kutsogolo, buku lotsegula, nkhope ya munthu woyang'anira mayeso.

A Burashi anakwera makwerero kuti aone bwino. Panapita mphindi khumi, makumi awiri. Kenako thupi lawo lonse linauma.

"Ako! Ako! Ako kali apo!"

Analoza ndi manja onse awiri. Tsono munthu amene ali pamakwerero akaloza ndi manja onse awiri, amakhala wagwira chiyani? Anatsika mofulumira kuposa mmene anakwerera, khuu, pamwamba pa chitini cha penti yachikasu. Maso makumi asanu ndi limodzi onse anatembenukira kwa iwo. Pamene anthu ankakumbukira zoyang'ana kuzitsamba, kunali kanthambi kokha kakugwedezeka.

Aphunzitsi anatseka buku pang'onopang'ono, n'kuwerama pamwamba pa mlamu wawo.

"Chikasu ndachiona, alamu. Mkanda ndiye sindinauone."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Nkhaniyo inakambidwa chaka chathunthu.

Tsopano imvani zimene Aphunzitsi eni ake amafotokoza masiku ano kwa aliyense amene angaime. Patapita zaka ziwiri, Lachiwiri lina m'mamawa, dzino linawadzutsa. Pofuna kufika msanga kogula mankhwala anadzera kanjira kachidule ka kuseri kwa shedi. Akuyenda dzanja lili patsaya, anamva tiliti-tiliti-tiliti. Anatembenuka mokwiya, poganiza kuti ndi mlamu wawo akuwaseka. Kunalibe munthu. Mawuwo ankachokera m'zitsamba.

Bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wovala jekete, analowa m'ngalande n'kuyamba kukwawa. Thalauza linakodwa pawaya n'kung'ambika pabondo, iwo osamva. Atadzutsa mutu, kanali pomwepo, pakanthambi, pafupi moti akanatha kukakhudza ndi ndodo.

Anayamba kukachonga ngati pepala la mayeso, akufunafuna cholakwa chimodzi chokha. Msana wotuwa, wakhoza. Pakhosi poyera, wakhoza. Mkanda wakuda, wakhoza. Mchira unali m'mwamba. Chikasu chija chinalidi chosapezeka m'sitolo iliyonse. Kenako kanapendeketsa mutu n'kuwayang'ana ndi diso loyera lija, ndipo m'kati mwa zitsamba kanzake kanayankha. Timbalameto tinali tiwiri!

Dzino linaiwalika. "Kalipo! Kalipodi!" ananong'ona, misozi ikulengeza. Anatuluka m'ngalande, nayenda masitepe atatu kulowera kukhomo la shedi, kumene kunkamveka phokoso la zitini. Pa sitepe yachinayi anaima. Anaona nkhope ya wometa. Anamva kuseka kwa wabutchala. Anakumbukira chala chawo chikumenya kamapu, ndi mawu awo omwe, oti poyera ndiye kuti kulibe, amene msewu wonse unawaloweza. Anatembenuka n'kubwerera kunyumba, dzanja litaphimba bondo.

Folo koloko anafika ndi buku, ndipo tsiku limenelo anakuwa kuposa masiku onse.

"Ndiwauza mawa," anadziuza pobwerera. Pamenepa ndi pamene ine ndimawakwiyira Aphunzitsi, ngakhale ndimawakonda. Mawa ameneyo anatha zaka zisanu. Ankamva anthu akuti "za kamkanda izo" pamaso pa mlamu wawo, iwo n'kumangopukuta magalasi. Kawiri kapena katatu mawu anafika pamilomo, koma nthawi zonse pankapezeka munthu wodutsa, kapena tiyi ankakhala wotentha kwambiri. Chimene sankalephera ndi kudzera kanjira kachidule kaja m'mamawa, ngakhale dzino linali litazulidwa kalekale.

Kenako chifuwa chinawagwira a Burashi. Manja anayamba kunjenjemera. Chikwangwani chawo chomaliza chinali cha telala, ndipo zilembo zake zinatuluka zokhotakhota ngati zolemba mwana woyamba sukulu, koma kambalame kanatuluka bwinobwino, popanda mzere ndi umodzi womwe wophonya. Telala anachikhoma momwemo.

Atagona osadzukanso, Aphunzitsi anabwera folo koloko monga mwa masiku onse, koma chimanjamanja. Anakhala pampando wa pafupi ndi bedi, chipewa chili pamaondo.

"Alamu, pali nkhani imene ndikufuna ndikuuzeni."

A Burashi anatsegula diso limodzi. "Buku lili kuti?"

"Ndalisiya kunyumba. Nkhani yake ndi yoti..."

"Ndiye mwabwera kudzatani? Kudzandiona ngati wodwala? Odzandiona ndi ambiri, amangondiuza kuti ndikuoneka bwino. Pitani mukalitenge. Ndikufuna ndikugonjetseni kamodzinso."

Aphunzitsi anapita, ndipo kunena zoona anapita mtima utapepuka. Anabwera nalo, anatsegula pa tsamba lakuda lija, ndipo anakangana. A Burashi mluzu unkawakanika, ankangotulutsa mpweya, koma mutu ankaupendeketsabe papilo. Anakangana mpaka mayi a m'nyumba anabwera kudzalanda buku n'kuthamangitsa mchimwene wawo.

"Mawa mubwere ndi nzeru," anatero a Burashi.

M'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, anatisiya.

Patatha sabata, Aphunzitsi anapita kukathandiza mlongo wawo kulongedza za mu shedi. Ananyamula zitini, anamanga maburashi m'mitolo, anatsamiritsa makwerero kukhoma. Kenako Aphunzitsi anakhala pa chitini chachikulu.

"Mlongo wanga, ine ndinawalakwira amuna ako. Kambalame kaja ndinakaona. Ndi maso angawa, kuseri kuno. Papita zaka zisanu."

Mayiwo sanasiye kupukuta shelefu. "Lachiwiri lija munang'amba thalauza?"

Aphunzitsi anadzutsa mutu n'kuwayang'ana.

"Ankakuonani, achimwene. Pali kabowo pamalata apo. Anakuonani mukukwawa m'ngalande ndi jekete lanu, anakuonani mukulira. Analowa m'nyumba akuvina, tiyi yense kutayikira patebulo. Ine ndinati ndipita pompano ndikawakoke khutu achimwene, akanene pamaso pa anthu. Anandigwira mkono."

"Chifukwa chiyani? Anthu ankawatcha wabodza!"

"Ndinawafunsa zomwezo. Anati, 'Asiye. Akavomera, folo koloko azibwera kudzatani?'"

Aphunzitsi anavula magalasi. Anakhala pa chitinipo nthawi yaitali, mlongo wawo akupukuta shelefu imodzimodziyo.

Masiku ano mumsewu mwathu zikwangwani zatsopano amazisindikiza pamakina. N'zonyezimira, ng'ombe zake n'zonenepadi, ndipo palibe amene amadzutsa mutu kuziyang'ana. Zakale zija zikusuluka chimodzichimodzi. Folo koloko imakwana popanda wodziwa, moti telala akuti kawiri konse waiwala kutseka mawindo, chifukwa ankazolowera kumva phokoso lija ndiye n'kudziwa kuti kwada. Ngakhale mawu aja oti "za kamkanda" anthu anasiya kuwanena, popanda wowaletsa.

Aphunzitsi sanadikire mawa ulendo uno. Atachoka ku shedi tsiku lolongedza lija anapita molunjika kwa wometa, kumene kunali kodzaza. Wabutchala anali pampando, nsalu ili m'khosi, telala ndi ena angapo ali pabenchi. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Tamverani nonse. Mlamu wanga sanali wabodza. Kambalame kaja kaliko. Ndinakaona ine, tiwiri, kuseri kwa shedi. Buku lija linalakwitsa, ndipo ine ndinakubisirani."

Makina ometera anazima. Anthu anayang'anana, kenako onse anayang'ana pansi.

"Ndikunena zoona! Msana wotuwa, mkanda wakuda, diso loyera! Bwerani mawa m'mamawa mukaone nokha!"

"Aphunzitsi," anatero wabutchala mofatsa, "si ndinu munatiphunzitsa? Poyera ndiye kuti kulibe."

"Ndinalakwitsa! Mbalame imawerenga mapu?"

Palibe anaseka. Wometa anaika makina pansi, anapukuta mpando wa pakona ndi thaulo, n'kuwagwira mkono monga mmene munthu amagwirira wodwala.

"Khalani pansi, Aphunzitsi. Musadzivutitse kuwanamira. Ifenso tikuwasowa."